Mary Moffat, Gogo wa ku Kuruman

M'chaka cha 1861, m'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, bwato laling'ono la Azungu linayenda m'mbali mwa nyanja ino kunka kumpoto, nilifika m'dziko la Atonga kwa Mankhambira. M'bwatomo munali David Livingstone. Dzina lake alidziwa ana onse a sukulu kuyambira ku Kande kufikira ku Usisya, pakuti Mishoni ya Livingstonia, imene inamanga pa Bandawe m'chaka cha 1881, inatchedwa ndi dzina lakelo. Koma munthu sagwa kumwamba ngati mvula. Ali nako kwao, ndiponso ali nako kumene anakwatira. Livingstone anali mkamwini wa mai wina wokalamba wokhala kutali kumwera, pa mudzi wa Kuruman, amene chaka chomwecho anali kulera ana amasiye a eni ake. Mai ameneyo ndiye Mary Moffat.

Anabadwa m'chaka cha 1795 pafupi ndi mzinda wa Manchester ku England, ndipo dzina lake lobadwa nalo linali Mary Smith. Atate wake, James Smith, anali munthu wa ku Scotland, mwini munda wa mbande za mitengo ndi maluwa pa Dukinfield. Mwanayo anaphunzira pa sukulu ya mpingo wa Moravian ku Fairfield, ndiwo mpingo wodziwika ndi kutumiza anthu ake kumaiko akutali. Tsono m'munda wa atate wake munalowa ntchito mnyamata wina wolima maluwa, dzina lake Robert Moffat, amene anali kukonzeka kunka ku Africa m'dzina la London Missionary Society. Awiriwo anakondana. Koma makolo anakana, pakuti Mary anali mwana wao wamkazi mmodzi yekha, ndipo masiku amenewo wonka ku Africa anali ngati munthu wotsazika kosabweranso. Robert ananyamuka yekha m'chaka cha 1816. Mary sanathawe pakhomo, ndiponso sanaleke kupempha. Anadikira kufikira mitima ya makolo inafewa. Anafika ku Cape Town m'mwezi wa Disembala 1819, nakwatiwa pa 27 mwezi womwewo. Onse awiri anali a zaka 24.

Kuchokera ku Cape Town kufikira kumene anatumidwa ndi mamailosi oposa 600, ndipo anayenda pa ngolo yokokedwa ndi ng'ombe, masabata ambiri m'njira. Mwana wao woyamba anabadwira pa Griquatown m'chaka cha 1821, namutcha Mary, dzina la amake. Chifukwa chake Atswana, monga mwa mwambo wao wotcha kholo ndi dzina la mwana woyamba, anamutcha mai uja MmaMary, ndiko kuti Amake Mary. Ndipo ndilo dzina limene anamdziwa nalo kufikira ukalamba wake.

Anakhala pakati pa Atlhaping, anthu a mfumu Mothibi. Mwana wa kunyanja, amene asamba m'mawa ndi madzulo natunga madzi osawerengera, sangazindikire msanga dziko lotere. Kuli dzuwa ndi mchenga ndi minga, ndipo mvula ikhoza kukana chaka ndi chinzake. Chuma cha dzikolo ndi kasupe mmodzi wamkulu wotumphuka pansi pa thanthwe, wotchedwa Diso la Kuruman, amene atulutsa madzi ngati malita 20 miliyoni tsiku limodzi. M'chaka cha 1824 amishoni anasamukira pafupi ndi kasupeyo, nakumba ngalande yonka nao madzi kuminda yao. Poyamba paja, asanasamuke, akazi a m'mudzi anali kupatutsa madzi a m'ngalande kuti alowe m'minda yao ya mapira, ndipo munda wa alendo unali kuuma. Sitiyenera kuwaweruza msanga akaziwo. Madziwo anali a makolo ao alendo asanabwere.

Ntchito za m'nyumba zinali zambiri, pakuti kunalibe sitolo. Sopo anapanga yekha, makandulo anaumba yekha ndi mafuta a nyama, zovala za banja lonse anasoka ndi dzanja. Pansi pa nyumba anaphunzira kuzira ndi ndowe za ng'ombe monga anachitira akazi a dzikolo. Poyamba ananyansidwa nazo, koma pambuyo pake analembera abale ake ku England kuti njirayo ndi yabwino, pakuti igonetsa fumbi nipitikitsa utitiri. M'chaka cha 1823 khamu lalikulu la anthu othawa nkhondo ndi njala linadza kuchokera kum'mawa, ndipo kunachitika nkhondo pa Dithakong. Iye anathawira ndi ana ake ku Griquatown, nabweranso mtendere utakhala.

M'zaka zomwezo mwamuna wake anapeza khanda limene linakwiriridwa lili lamoyo. Robert analanditsa khandalo nabwera nalo kwa mkazi wake. Mary analilera, nalitcha Sarah Roby. Kunena zoona, Sarah atakula anakhala m'nyumbamo monga mlezi wa ana a banjalo, wosati monga mwana wofanana nao m'zonse. Umo ndimo anachitira Azungu a nthawi imeneyo, ngakhale okoma mtima. Koma moyo wake unapulumuka, naphunzira kuwerenga, nafika nao ku England.

Zinapita zaka zambiri popanda ndi mmodzi yemwe wa Atlhaping wolandira mau amene alendowo anadzera. Anthu anali kubwera kudzapempha fodya ndi mipeni, nabwerera. Pakati pa zaka zoumazo bwenzi lake la ku Sheffield linamlembera kalata kumfunsa mphatso imene angafune. Mkazi wina akadapempha nsalu kapena miphika, ndipo sakadalakwa, pakuti zonsezi zinali kusowa. Iye anapempha chikho ndi mbale za Mgonero wa Ambuye, pamene kunalibe mpingo wozidyeramo. Katunduyo anachedwa m'njira nthawi yaitali, nafika m'chaka cha 1829, patatsala pang'ono kuti anthu asanu ndi mmodzi oyamba kubatizidwa akhale pa gome. Kuyambira pamenepo ntchito inakula. Makina osindikizira mabuku anafika mu 1831. Nyumba yaikulu ya mapemphero, ya miyala ndi denga la udzu, inatsegulidwa mu 1838, ndipo ilipo kufikira lero. Chipangano Chatsopano m'Chitswana chinasindikizidwa mu 1840, ndi Buku lonse mu 1857.

Mabuku anena za Robert Moffat kuti ndiye anamasulira ndi kusindikiza, ndipo nzoona. Koma munthu sakhala pa gome kumasulira zaka 30 ngati palibe wina wosunga mudzi. Robert anayenda kasanu kunka kwa Mzilikazi, mfumu ya Amandebele, amene anachokera dziko limodzi ndi Angoni a Zwangendaba. Ndipo maulendo ena anatha miyezi yambiri. Masiku onsewo Mary ndiye anayang'anira minda ndi nkhokwe, nalandira alendo, napatsa odwala mankhwala, naphunzitsa akazi kusoka. Alendo a pa Kuruman sanali ochepa, pakuti unali mudzi wotsiriza wa mishoni pa njira ya kumpoto, ndipo amishoni, alenje ndi amalonda onse anagona pamenepo. Bungwe la ku London linalemba ntchito mwamuna. Mkazi analibe malipiro ake ake. Anagwira zaka 50 motero.

Anabala ana khumi. Awiri anamwalira ali makanda. M'chaka cha 1839, banja lili pa ulendo wa ku England, anachira mwana wamkazi, Elizabeth, m'chombo momwemo; ndipo atapita masiku atatu mwana wake James, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anamwalira ndi chikuku m'chombo chomwecho. Otsalawo anayenera kuwatumiza kutali kukaphunzira, popeza pa Kuruman panalibe sukulu yowakwanira, ndipo kangapo anawaperekeza yekha pa ngolo kunka kugombe, mwamuna atatsala pa ntchito. Helen anamsiya ku England pobwerera mu 1843, ndipo sanamuonenso kufikira zitapita zaka 27.

Livingstone anafika pa Kuruman mu 1841, eni nyumba ali ku England. Mu 1844 mkango unamluma paphewa ku Mabotsa, ndipo pambuyo pake anabwera ku Kuruman, nafunsira Mary wamng'ono pansi pa mtengo wa almond m'munda wa atate wake. Ukwati unachitika m'Januwale 1845. Pamenepo MmaMary anasanduka mpongozi, ndipo posachedwa gogo: Robert anabadwa mu 1846, Agnes mu 1847, Thomas mu 1849. Mwana wake naye anatchedwa MmaRobert, ndipo ndilo dzina la sitima yaing'ono ija imene inakwera mtsinje wa Shire mu 1859.

Apa ndipo payamba nkhani yowawa. Mkamwiniyo sanali munthu wokhala pansi. Anasamutsa banja lake kuchokera ku Mabotsa kunka ku Chonuane, ndi kuchokera ku Chonuane kunka ku Kolobeng, kwa Akwena a mfumu Sechele, dziko la chilala kumene chakudya chinali kusowa. Mu 1846 gogoyo anamva kuti mwana wake ali m'masautso, namanga ngolo, nayenda wopanda mwamuna wake masiku ambiri m'dziko la mikango kukamuona ku Chonuane. Mu 1850 Livingstone anatenga mkazi wake, ali ndi pakati, pamodzi ndi ana atatu aang'ono, naoloka nao chipululu cha Kalahari kunka ku nyanja ya Ngami. Ana anadwala malungo kumeneko. Atabwerera ku Kolobeng kunabadwa mwana wamkazi, Elizabeth, amene anakhala masabata asanu ndi limodzi okha, namwalira. Ndipo amake anafa mbali imodzi ya nkhope. Gogo anafikanso ndi ngolo yake, ndipo banja lonse linanka ku Kuruman kukachira.

Chaka chotsatira anamva kuti mkamwini alinkukonzanso ulendo wotere, ndi kuti mwana wake ali ndi pakati pena. Pamenepo anamlembera kalata yolimba, yosabisa kanthu. Anamkumbutsa za khanda limene linagona kale m'manda ku Kolobeng. Anamfunsa ngati imfa imodziyo sinakwanire. Namuuza kuti anthu onse adzayesa chinthucho nkhanza, ndi kuti mkazi wa pakati ndi ana atatu sayenera kuyendayenda m'chipululu. Masiku amenewo Livingstone anali atayamba kumveka ku England chifukwa cha nyanja ya Ngami, ndipo ambiri anali kumtamanda. Koma mpongozi wake anaona adzukulu ake, ndipo sanaope.

Livingstone sanamvere. Anali nazo zifukwa zake: anafuna kupeza dziko la madzi kumene akamange mudzi wa mishoni, ndipo anayesa kuti mfumu ya Akololo, Sebetwane, idzamkhulupirira msanga ikaona kuti wadza ndi mkazi ndi ana. Koma m'njira madzi anatha, ndipo ana anazunzika ndi ludzu masiku angapo, kotero kuti atate wao yemwe analemba pambuyo pake kuti anaopa kuwaona alinkufa pamaso pake. Anapulumuka. Mwana wachisanu, Oswell, anabadwira m'thengo pobwerera. Ulendo womwewo Livingstone anaona mtsinje wa Zambezi, ndipo pa Zambezi panachokera njira yonse imene inamfikitsa ku Shire ndi kunyanja kuno. Anthu a kunyanja akhoza kuyamika ulendowo. Koma wowerenga mosakondera adzaona kuti pa nkhani ya anawo gogo ndiye ananena zoona. Mu 1852 Livingstone anatumiza mkazi ndi ana ku Britain, kumene anakhala zaka zoposa zinai m'umphawi ndi kusungulumwa, ndipo gogo anatsala wopanda adzukulu amenewo.

Koma nyumba yake sinakhale yopanda ana. Mfumu Sechele inatumiza ana ake ku Kuruman kuti akaphunzire, pakati pao Sebele amene anadzalowa ufumu, ndipo anakhala m'manja mwa MmaMary. Mu 1852, pamene Maburu anathira nkhondo mudzi wa Sechele pa Dimawe napasula nyumba ya Livingstone ku Kolobeng, mkazi wa mfumuyo anathawira ku Kuruman komweko ndi kalata ya mwamuna wake.

Mu 1858 Livingstone anabweranso ku Africa ndi mkazi wake pa ulendo wa ku Zambezi, ndipo m'chombo kunadziwika kuti mkaziyo ali ndi pakati. Anasiyana ku Cape Town. Iye ananka ndi makolo ake ku Kuruman, nachira mwana wamkazi, Anna Mary, m'Novembala 1858, m'nyumba ya gogo wake. Atate wa mwanayo sanamve za kubadwa kwake kufikira chitapita chaka, ataona kale nyanja ino m'Sepitembala 1859.

Zaka zotsatira zinali za maliro okhaokha. Amishoni otumidwa kwa Akololo ku Linyanti anagwidwa ndi malungo mu 1860. Holloway Helmore anafa, ndi mkazi wake, ndi ana awo awiri. Roger Price anataya mkazi ndi khanda. Price anabwerera wofooka ndithu, ali ndi ana awiri amasiye a Helmore, nafika nao pa Kuruman mu 1861; ndipo amenewa ndiwo ana aja amene mai wokalambayo anawalandira chaka chimene mkamwini wake anali kwa Mankhambira. Price anadzakwatira Elizabeth, uja wobadwira m'chombo. Pa 27 Epulo 1862 Mary Livingstone anamwalira ndi malungo pa Shupanga, m'mbali mwa Zambezi, naikidwa pansi pa mlambe waukulu, ali ndi zaka 41. Chaka chomwecho mlongo wake Robert anamwalira pafupi ndi Kuruman, nasiya mkazi ndi ana. Motero gogoyo anataya ana awiri akulu m'chaka chimodzi. Pa imfa ya Shupanga anali nacho chifukwa cha kukumbutsa mkamwini za kalata ija. Koma sanatero, anamlembera mau otonthoza, napitiriza kumuyesa mwana wake. Mdzukulu wake woyamba, Robert Livingstone, anasokera nafika ku America, nalowa nkhondo ya kumeneko pa dzina lina, nafera m'ndende ya ogwidwa pankhondo mu 1864, wa zaka 18. Ndipo mu 1866 mkamwini wina, Jean Fredoux, mmishoni Wachifalansa wa ku Motito, anaphedwa pamene wamalonda wina anayatsa onga m'ngolo yake. Ann, mkazi wake, anatsala ndi ana asanu ndi awiri, ndipo anabwera nao kwa amake. Gogo wa zaka 71 anayambanso kulera.

Sanali munthu wopanda zolakwa. Makalata ake aonetsa kuti miyambo yambiri ya Atswana anaiweruza mwaukali asanaizindikire, monga anachitira Azungu ambiri a mbadwo wake. Ndipo ana ake omwe anamdziwa kuti ndi mai wolamula, wosakonda kutsutsidwa. Ndiponso ntchito zonse zija sanazigwire yekha, pakuti anali nao akazi Achitswana otunga madzi, osinja ndi olera ana, amene maina ao ambiri sanalembedwe m'buku lili lonse. Koma anthu a Kuruman, amene anakhala naye zaka 50, ndiwo anamdziwa koposa. Pamene iye ndi mwamuna wake anachoka m'Malichi 1870, atakalamba ndi kufooka, anthu anadza kuchokera kumidzi yakutali kudzatsazika. Anazinga ngolo, yense wofuna kugwira dzanja lao, ndipo ngolo itanyamuka kunamveka kulira ngati kwa pamaliro. Ntchito anaisiya m'manja mwa mwana wao John Smith Moffat.

Ku England anaonananso ndi Helen, amene anamsiya ali buthu, nampeza ali mai wa ana. Koma thupi lozolowera dzuwa la Kalahari silinapirire chisanu cha kumeneko. Anadwala masiku owerengeka, namwalira pa Brixton, mu London, m'Januwale 1871, ali ndi zaka 75, naikidwa ku manda a Norwood. Livingstone anali pakati pa Africa, wosamveka kumene ali. Iye anafa mu 1873 kwa Chitambo. Robert Moffat anakhala kufikira 1883.

Mbumba yake inafika ndi kuno komwe. Mdzukulu wake Malcolm Moffat, mwana wa John, analowa Mishoni ya Livingstonia mu 1894, chaka chimene Dr Robert Laws anachoka ku Bandawe kukamanga ku Khondowe, nakhala woyang'anira za ulimi kumeneko. Mu 1907 anatsegula mudzi wa mishoni wa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, ndipo sukulu ya aphunzitsi ya ku Serenje inatchedwa ndi dzina lake. Mbale wake, Howard Unwin Moffat, anali nduna yaikulu ya Southern Rhodesia kuyambira 1927 kufikira 1933. Ndipo Anna Mary, uja wobadwira m'nyumba ya gogo wake atate ali ku Zambezi, anakula nabala ana. Awiri a iwo, Hubert Wilson amene anali dokotala ndi Ruth amene anali namwino, anadzagwira ntchito ya chipatala pa Chitambo pomwepo.